Kodi Angelezi ali ndi kumudzi? Zimene tinakapeza ku Eyam kwa apongozi anga

NaPhiri_Sheffield
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima, ndipo ndikufuna maganizo makamaka kwa inu amene muli pabanja ndi eni dziko lino. Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha. Anabadwira ku Eyam, kamudzi ka m'mapiri a ku Derbyshire, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchoka kuno ku Sheffield. Ukulu wawo wonse anakhala m'tauni, koma akangogwira kapu ya tiyi nkhani inali ya ku Eyam basi: za mayi awo amene ankasoka nsapato pafakitale ya m'mudzimo, za bambo awo amene ankabwera kuchokera kumgodi ali mbuu ndi fumbi, za chisanu chimene chinkatseka msewu ana osapita kusukulu. Asanamwalire ananena kuti phulusa lawo likamwazidwe kumeneko.

Ndiye mwezi wathawu tinapita, ine, bambo akunyumba ndi mwana wathu wamkazi. Ine poti ndikupita kwa apongozi ndinagula shuga, tiyi ndi mabisiketi, chitenje ndinaika m'chikwama. Titafika, bambo anandilozera nyumba ina yamiyala n'kuti adadi anabadwira umu. Pachitseko panali kabokosi ka makiyi kotsegula ndi manambala. Nyumbayo pano amabwereketsa kwa alendo odzaona malo. Palibe amene anatuluka kudzatilonjera. Azakhali ayi, msuweni ayi, ngakhale wachibale chakutali. Tinalowa kumanda a patchalitchi, tinapeza mwala wa agogo awo utamera ndere mpaka zilembo zina sizikuwerengeka, tinakwera kumtunda kukachita chimene tinabwerera, kenako tinakadya pamalo omwera tiyi pamodzi ndi alendo ena onse.

Pobwerera mwana anandifunsa kuti, amama, ndiye kwawo kwa adadi ndi kuti? Bambo ake anangoseka n'kuti Sheffield. Kodi anzathuwa ali ndi kumudzi monga ife timadziwira? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani za mbali ya bambo ake?

Chimwene_wa_Luton
Pepani ndi maliro achemwali. Koma shugayo ndiye mwandiseketsa kkkk. Munkati mukapeza mphasa atayala pansi pa mtengo wa mango?

NaPhiri_Sheffield
Sekani achimwene. Ine amayi anandiphunzitsa kuti kwa apongozi sapita chimanjamanja.

Anganga_a_Zomba
Mwana wanga, funso la mwanayo lili ndi yankho kale. Inu ndinu Mchewa, eti? Mwana ndi wa kuchikazi. Kwawo n'komwe kuli amalume ake, komwe kuli mbumba yanu. Bambo ndi mkamwini chabe ngakhale akhale mzungu. Mumutengere kwanu mwanayo akaone manda a agogo ake aakazi, akadziwe mwinimbumba wake. Za ku Eyamzo zisakusowetseni tulo.

Mtumbuka_wa_Leeds
Anganga, zimenezo n'zakwanu kumeneko. Kwathu ku Mzimba mwana ndi wa kwa bambo, ng'ombe zinapita. Musatipangire lamulo la dziko lonse.

Anganga_a_Zomba
Nanga mzunguyo anapereka ng'ombe zingati?

Mtumbuka_wa_Leeds
Aaa, mwawina anganga.

Mfufuzi_wa_Notts
Achemwali NaPhiri, musagwe ulesi msanga. Ine ndinathandizapo mlamu wanga kufufuza makolo ake a ku Lincolnshire, ndipo ndinaona kuti anthuwa mbiri ya banja amaisunga pamapepala ndi pamiyala. Ife timafunsa agogo. Iwo amakatsegula buku. Ndipo mabukuwo alipo, ambiri kuposa mmene mungaganizire.

Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, ukwati ndi maliro. Mabuku ena oyambirira anatayika, koma m'midzi yambiri mungathe kutsata banja limodzi kubwerera m'mbuyo zaka mazana angapo. Kuyambira pa 1 Julayi 1837 boma nalo linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa ku England ndi Wales. Mndandanda wa mayina amenewa mungaufufuze mwaulere pa intaneti, pawebusaiti ya FreeBMD, kenako mukapeza munthu wanu mumaitanitsa setifiketi ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga kaundula ameneyu. Setifiketi yaukwati ndiyo yokoma, chifukwa imatchula dzina la bambo a mkwati ndi a mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo, ndiye mumakwera m'badwo umodzi nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi kalembera. Amachitika zaka khumi zilizonse, ndipo woyamba wokhala ndi mayina a anthu onse ndi wa 1841. Wa chaka chimenecho musamukhulupirire pa zaka zakubadwa, chifukwa akuluakulu ankawatsitsira zaka kuti zithere pa 0 kapena 5. Kuyambira 1851 analemba malo amene munthu anabadwira ndi ubale wake kwa mwini nyumba. Mapepala amenewa amabisidwa kwa zaka 100, n'chifukwa chake a 1921 anatulutsidwa mu Januwale 2022. Inu yambani ndi amenewo, chifukwa amatchula ngakhale dzina la bwana amene munthu ankamugwirira ntchito. Ngati agogo aja ankasokadi nsapato, fakitale yake mwina ituluka. Kalembera wa 1931 wa ku England anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanachitike chifukwa cha nkhondo. Mpata umenewo amatsekera ndi kaundula wa mu Seputembala 1939, amene boma linalemba nkhondo itangoyamba pokonzekera zitupa ndi kagawidwe ka chakudya.

Mabuku akale a matchalitchi a ku Derbyshire amasungidwa ku Derbyshire Record Office ku Matlock. Komanso funsani kulaibulale yanu, ambiri amalola kugwiritsa ntchito Ancestry kapena Findmypast, mawebusaiti ofufuzira mbiri ya makolo, pakompyuta zawo osalipira.

Chimwene_wa_Luton
Mapepala ndi mudzi? Pepala lingakuphikire nsima ukafika usiku? Lingakulire maliro?

Mfufuzi_wa_Notts
Silingakuphikire. Koma inu achimwene tchulani dzina la agogo a agogo anu. Tikudikira.

Chimwene_wa_Luton
Ndifunsa kaye amalume ku Ntcheu.

Mfufuzi_wa_Notts
Muwafunse msanga akadali ndi moyo. Kwathu kulembetsa mwana akabadwa kunakhala kokakamiza kwa aliyense mu 2015, zitupa za unzika tinajambulitsa mu 2017. Za m'mbuyo monsemo zili m'mitu ya okalamba, kupatula ngati makolo anu anabatizidwa pamishoni yosunga mabuku monga Nkhoma, Mua kapena Likoma.

Mai_a_Mapasa_Norfolk
Ine ndikutsutsa onse amene akuti Angelezi alibe kumudzi. Ndimakhala m'kamudzi ka ku Norfolk, ndinabwera ndi ntchito yaunamwino ndipo ana anga akulira momwemuno. Mudzi wake ndi tchalitchi chimodzi, bala imodzi, holo, ndi basi yodutsa mwa apo ndi apo. Anthu a kuno amadziwa bwinobwino amene ali mwini mudzi ndi amene ali wobwera. Pali banja lina lachizungu linachokera ku London kalekale ana awo asanabadwe, koma mpaka lero akamawatchula amati aja obwera aja. Ndiye ife akuda mungoganiza nokha. Chaka choyamba ndikamayenda pamsewu makatani ankagwedezeka nyumba ndi nyumba. Sikuti ankandichita chipongwe poyera, koma ankandipatsa moni wa mano okha.

Zinasintha pamene ndinayamba kuthandiza kukonza maluwa m'tchalitchi. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kunditengera pachipilala cha asilikali chimene chili pakati pa mudzi. Anandiwerengera mayina a anyamata amene anafa pankhondo ya 1914 mpaka 1918, n'kumandiuza kuti uyu anali mchimwene wa agogo anga, uyu kwawo kunali nyumba iyo ya chitseko chobiriwira, awa awiri anali pachibale ndipo mayi awo sanatulukenso m'nyumba. Sanayang'ane pepala lililonse. Pa 11 Novembala chaka chilichonse mudzi wonse umaima pamenepo. Ngati zimenezo si kukhala ndi kumudzi, ndiye kaya.

Kusiyana kumene ine ndikuona n'kwa malo. Kwathu ukachoka, munda ndi bwinja zimatsala m'manja mwa abale, amfumu akudziwa kuti apa ndi pa ana a uje. Kuno anthu wamba a m'midzi ambiri analibe malo awoawo. Ankakhala m'nyumba za mwini famu kapena mwini esiteti, ndipo nyumbayo inkayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha kapena bambo akamwalira, banja linkatuluka. Makina atachuluka m'mafamu anthu anakhamukira m'matauni. Ndiye munthu abwerera kukapeza chiyani?

NaPhiri_Sheffield
Mai a Mapasa, mwandikumbutsa. Apongozi ankanenadi kuti nyumba ija sinali yawo, ankalipira lendi.

Mjomba_wa_Coventry
Pamenepa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje akumva bwino. Kukhala pamalo a esiteti, kugwira thangata, tsiku lina n'kuuzidwa kuti samuka. Sindinkadziwa kuti azunguwa anayamba kuchitirana okhaokha kwawo.

Kadzidzi_Manchester
Komanso lero vuto ndi mtengo wa nyumba. Eyam ili mkati mwa Peak District, malo otetezedwa oyamba a mtundu umenewu mu Britain, kuyambira 1951. Kumanga nyumba zatsopano kumeneko n'kovuta, ndiye zakale zomwezo amalimbirana anthu andalama a ku Sheffield ndi Manchester, ena opuma pantchito, ena ongofuna yobwereketsa kwa alendo. Mwana wobadwira m'mudzimo amene akugwira ntchito yamalipiro wamba sangapikisane nawo. Nyumba za khonsolo zomwe zinkathandiza osauka, zambiri zinagulitsidwa kwa okhalamo kutsatira lamulo la 1980 la nthawi ya Margaret Thatcher, ndipo m'midzi sanamange zina zokwanira m'malo mwake. Mudzi umaoneka wokongola pachithunzi, maluwa pawindo lililonse, koma eni ake akale ali m'maflati m'tauni.

Chimwene_wa_Luton
Nanga lendi ya ku Luton mwaiona? Chipinda chimodzi ndalama yake ndingamange nayo nyumba yamalata ku Ntcheu chaka chisanathe.

Mjomba_wa_Coventry
Ndiye bwanji simunamange? Chaka chilichonse mumanena zomwezi.

Chimwene_wa_Luton
Simenti ndinatumiza ndalama yake kawiri. Mlamu wanga akudziwa komwe inapita.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za simenti zili ndi ulusi wake. Tibwerere kwa NaPhiri.

Mphunzitsi_Wopuma
Amayi NaPhiri, ndadabwa kuti palibe amene watchula chimene mudzi wa apongozi anu umadziwika nacho. Mwana wanu ali ndi nkhani yaikulu yoti azinyadira, ndipo ana a sukulu kuno amaiphunzira.

Mu 1665 mliri woopsa wofala kudzera mu utitiri wa makoswe unasakaza London. Chakumapeto kwa chilimwe cha kuno, mtolo wa nsalu unafika ku Eyam kwa telala kuchokera ku London. Wothandizira telalayo, George Viccars, anaufunyulula n'kuyanika nsaluzo pamoto poti zinali zachinyezi. Anamwalira mu Seputembala, ndipo matenda anayamba kulowa nyumba ndi nyumba. M'nyengo yozizira anachepako, koma pofika pakati pa 1666 anabuka mwamphamvu. Anthu anafuna kuthawa. M'busa wa mudziwo, William Mompesson, pamodzi ndi Thomas Stanley amene anali m'busa pamalopo kale asanachotsedwe pa mikangano ya chipembedzo, anagwirizana ngakhale ankasiyana chikhulupiriro, n'kupempha anthu kuti asatuluke m'mudzimo kuopa kukafalitsa matenda ku midzi ina ndi ku Sheffield. Anthu anavomera.

Anagwirizananso kuti banja lililonse liziika lokha maliro ake pafupi ndi nyumba, ndipo mapemphero azichitikira panja, pachigwa chotchedwa Cucklet Delf, mabanja ataima motalikirana. Chakudya ankawasiyira kumalire anthu a midzi yoyandikana, ndi thandizo la Earl wa ku Devonshire, bwana wolemekezeka mwini malo amene ankakhala ku Chatsworth. Pali mwala wina kumalire ndi Stoney Middleton umene uli ndi timabowo. Ankathiramo viniga n'kuikamo ndalama zachitsulo zolipirira katundu, poganiza kuti viniga apha matenda. Mwalawo ulipo mpaka lero, mutha kuika chala m'timabowomo.

Mliri unatha mu Novembala 1666, patapita miyezi 14. Kawirikawiri amati anafa anthu 260, koma mndandanda wa m'tchalitchi uli ndi mayina 273. Mkazi wa m'busa, Catherine Mompesson, anamwalira mu Ogasiti 1666 ndipo manda ake ali patchalitchipo. Mwezi womwewo mayi wina, Elizabeth Hancock, anaika m'manda mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu, akukumba ndi kukoka mitembo yekha. Manda amenewo amatchedwa Riley Graves, ali m'munda kunja kwa mudzi atazunguliridwa ndi kampanda ka miyala. Mukapitanso mukamuonetse mwanayo.

NaPhiri_Sheffield
Aphunzitsi, zikwangwani zobiriwira pakhomo la nyumba zina ndinaziona, zolemba mayina a amene anafera m'nyumbamo. Koma tsikulo mtima unali pa phulusa, sindinawerenge bwino. Mayi ameneyo, ana asanu ndi mmodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wodzakhuza? Thupi langa lachita tsemwe.

Kadzidzi_Manchester
Nkhaniyo ndi yoona koma aikometsera kwambiri pofuna alendo. Olemba mbiri ena amakayika ngati anthu wamba anasankhadi okha kutsala. Olemera ena anali atathawa kale. Mompesson mwiniyo ana ake awiri anawatumiza kunja kwa mudzi. Wosauka akanathawira kuti, poti midzi yoyandikana inkathamangitsa aliyense wochokera ku Eyam? Enanso amati kudzitsekerako kunachulukitsa imfa m'mudzimo.

Mphunzitsi_Wopuma
Zonsezo zimanenedwadi, ndipo za ana a m'busa n'zoona. Koma iye ndi mkazi wake anatsala, mkaziyo n'kufa. Munthu angathe kukhala wopanda kothawira komabe n'kusunga pangano. Nthawi ya Covid tinaona tokha mmene anthu ankazembera malamulo a milungu yochepa chabe.

Mjomba_wa_Coventry
Funso n'lakuti makolo a apongoziwo analipo nthawi ya mliriyo kapena anabwera pambuyo. Musayambe kumunyaditsa mwana ndi maliro a eni ake.

Mfufuzi_wa_Notts
N'chifukwa chake ndikuti akayang'ane m'mabuku.

Nesi_wa_Usiku
Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku West Midlands, usiku. Amene mukuti anthuwa alibe kumudzi bwerani mudzakhale nane shifiti imodzi. Tili ndi agogo ena aakazi amene mutu unayamba kuiwala. Mwana wawo akabwera samuzindikira. Koma cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ndimawapeza atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, kachikwama m'manja, ataima pachitseko akuti akudikira basi yopita kwawo chifukwa mayi awo akuwadikira kuti akatsekere nkhuku. Amatchula dzina la mudzi wa ku Shropshire umene anachokako ali mtsikana. Ndikawakhazika pansi n'kuwapangira tiyi amandiyendetsa mudzi wonse: apa pachitsime, apa pa wosula zitsulo, apa pamene ankatola mabulosi akuda m'mipanda, apa pamene anafikira ana othawa mabomba a ku Birmingham nthawi ya nkhondo atapachika timapepala ta mayina pakhosi. Dzina la galu wa kwa aneba amalidziwa. Chimene adya madzulo sachidziwa.

Langizo langa kwa NaPhiri: munapita tsiku lolakwika ndiponso munaima pakhomo lolakwika. Eni mudzi simuwapeza pamalo omwera tiyi a alendo. Pitani Lamulungu kutchalitchi, mukhale mpaka nthawi ya tiyi akaweruka, mupeze wachikulire kwambiri m'chipindamo, mutchule dzina la apongozi anu ndi la mayi awo. Mngelezi sayamba yekha kukufunsa kuti ndinu a kwa yani, amaona ngati n'kulowerera za eni. Koma mukayamba inu, mudzachita kupempha kuti akumasuleni mukakwere basi.

Mai_a_Mapasa_Norfolk
Zoona zenizeni anesi. Ndipo mutenge chithunzi chakale ngati chilipo.

M'busa_Wamng'ono
Ine chimene chikundivuta ndi phulusalo. Munthu kumuwotcha, kenako kumumwaza kuphiri mphepo n'kumutenga. Mdzukulu adzaloza pati kuti agogo ali apa? Mudzi umagwira chifukwa cha manda. Anthuwa akudula okha mizu yawo.

NaPhiri_Sheffield
Abusa, nanenso zinandivuta, koma anasankha okha akadali moyo. Tinafunsa za kuika m'manda a patchalitchi. Anatiuza kuti mwa lamulo la Church of England ufulu umenewo ndi wa munthu wokhala m'parishimo, wolembedwa m'kaundula wa mpingowo, kapena womwalirira momwemo, ndipo pokhapokha ngati malo akadalipo. Wochoka kalekale amachita kupempha. Kubadwira pamalopo pakokha sikukwanira.

Anganga_a_Zomba
Mwamva? Kwathu ngakhale utakhala ku Joni zaka makumi anayi osalemba ndi kalata yomwe, ukafa adzukulu amakumba. Amfumu angakulipitse mbuzi abale ako chifukwa sunkabwera pamaliro a ena, koma sakubweza.

Chimwene_wa_Luton
Sakubweza, koma kutumiza bokosi pandege kuchoka kuno ndi ndalama zoti gulu lonse lino lisonkhe mwezi wathunthu. Tisanamizane, ena a ife tidzathera m'kabotolo momwemo.

M'busa_Wamng'ono
Mulungu atichitire chifundo. Ine ndili pa inshuwalansi.

Wa_ku_Mbare
Ndikuwerenga kuchokera ku Harare. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Federation kudzagwira ntchito kuno, sanabwererenso. Ife tinabadwira ku Mbare, Chichewa tinaphunzira m'nyumba ndi kutchalitchi cha CCAP. Anzathu a kuno pa Khirisimasi amapita kumidzi kwawo, ife tinkatsala m'tauni akutiseka kuti ndife opanda kwathu. Nditakula ndinapita ku Dedza ndi dzina la mudzi ndi la mfumu zimene agogo ankatchula. Mudzi ndinaupeza. Anandilandira bwino, nkhuku inafa, gogo wina analira atamva dzina la agogo anga poti ankawayesa anafera m'migodi. Koma tsiku lachiwiri ndinaona nkhope zikusintha, anthu akunong'onezana. Ankaganiza kuti ndabwera kudzalanda munda. Ndinachita kulumbira pamaso pa amfumu kuti ndangobwera kudzaona.

Ndiye achemwali musaganize kuti zimenezi n'za azungu okha. Mwana wa mtchona akabwerera, naye ndi mlendo. Amuna anu mwina akuti Sheffield chifukwa n'kumene anthu amawadziwa. Ine ukandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa kwathu, ndinena kuti Mbare.

Anganga_a_Zomba
Kwanu n'kwanu mwanawe, mthengo mudalaka njoka.

Wa_ku_Mbare
Anganga, mwambiwo agogo ankaunena tsiku ndi tsiku. Ali ku manda a Warren Hills.

Kadzidzi_Manchester
Ndipo a ku Eyam ali ndi mwayi, mudzi wawo ulipo. Pafupi pomwepo, mukamapita ku Sheffield kudzera msewu wa kumpoto, pali damu la Ladybower. Pansi pa madzi amenewo pali midzi iwiri, Derwent ndi Ashopton. Anamanga damulo kuyambira 1935 mpaka 1943 kuti mizinda ngati Derby, Nottingham, Leicester ndi Sheffield ipeze madzi. Anthu anasamutsidwa, mitembo ya m'manda a ku Derwent anaifukula n'kukaiikanso ku Bamford. Nsanja ya tchalitchi anaisiya ikuonekera pamwamba pa madzi, kenako anaiphulitsa mu 1947 poopa ngozi. Kukachita chilala madzi n'kutsika, monga mu 1976 ndi 2018, maziko a nyumba amaonekera ndipo anthu amakhamukirako.

Kumwera, ku Wiltshire, kuli Imber. Pa 1 Novembala 1943 anthu a m'mudzimo anaitanidwa n'kuuzidwa kuti achoke pasanathe masiku 47, asilikali akufuna malowo pophunzirira nkhondo. Anachoka akukhulupirira kuti nkhondo ikatha abwerera. Mpaka lero mudziwo uli m'manja mwa asilikali, amangotsegula masiku ochepa pachaka kuti anthu akaone tchalitchi cha St Giles.

Wa_ku_Mbare
Za damuzo Atonga a ku Kariba akuzidziwa. Koma awo manda sanawasamutsire.

WakuLikoma
Pang'ono pokha kuchoka pamutu. Ife a Anglican tili ndi timidzi ta kuno timene tili ndi mbiri yathu. Ku Northamptonshire kuli kamudzi kotchedwa Twywell. Horace Waller, amene anali m'gulu la Bishopu Mackenzie ku Magomero mu 1861 ndipo pambuyo pake anakonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zisindikizidwe, anali m'busa kumeneko kuyambira 1874 mpaka 1895. Mackenzie mwiniyo asanapite ku Africa ankatumikira ku Haslingfield pafupi ndi Cambridge. Ukaima m'timatchalitchi timeneti, tozizira, topanda anthu, umadabwa kuti anthu amene mayina awo timaimba kwathu ankalalikira mabenchi ochepa chonchi.

Mjomba_wa_Coventry
A ku Likoma nkhani iliyonse mpaka ifike kwa Mackenzie.

NaPhiri_Sheffield
Ndabweranso abale. Ndinatsata malangizo a Mfufuzi, ndinapita kulaibulale Loweruka. Kalembera wa 1921 ndamupeza. Mayi a apongozi anga alimo, mtsikana wa zaka 15, ndipo ntchito yake analembadi kuti wosoka nsapato pamakina, fakitale ya ku Eyam komweko. M'nyumbamo munali anthu asanu ndi atatu. Pepalalo analemba ndi dzanja lawo bambo a mtsikanayo, siginecha yawo ili pansi, inki inadontha pakona. Ndinaijambula pafoni.

Koma imvani izi. Mbali ya chimuna, imene dzina lathu likuchokera, si ya ku Eyam ayi. Agogo a apongozi anga anabadwira ku Shropshire, anabwera kudzafuna ntchito kumigodi, n'kukwatira mkazi wa m'mudzimo, n'kukhala komweko. Amene akuoneka kuti ndi eni mudzi enieni ndi akuchikazi. Dzina la banja la mayiyo ndalipeza ku Eyam mu 1851 ndi 1841. Kupitirira apo mpofunika ku Matlock.

Ndinawaonetsa bambo akunyumba. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndalipira zingati. Nditati zaulere anati chabwino. Koma usiku ndinawamva akuimbira foni mlongo wawo ku Doncaster kufunsa ngati akadali ndi chitini cha mabisiketi chimene munkakhala zithunzi za mayi awo.

Anganga_a_Zomba
Ndinanena ine! Mkamwini! Agogo akewo anali mkamwini, anakalowa chikamwini ku Eyam. Ndiye mwanayo mbali zonse ziwiri ndi wa kuchikazi. A ku Mzimba muli pati?

Mtumbuka_wa_Leeds
Tili pompano anganga. Dzina akutchulidwa nalo mwanayo ndi la ku Shropshire, sichoncho? Ndiye wawina ndani?

Mfufuzi_wa_Notts
Mwachita bwino achemwali. Chenjezo limodzi: m'midzi yaing'ono dzina limodzi limakhala ndi mabanja angapo, ndipo ankakonda kubwereza mayina omwewo, John mwana wa John mdzukulu wa John. Musalumikize anthu chifukwa dzina lafanana. M'badwo uliwonse mupeze pepala lotsimikizira, ubatizo kapena ukwati. Mitengo ya mabanja imene anthu amaika pa intaneti yambiri ndi yongokopera kwa anzawo. Ku Matlock muyambe mwaonetsetsa masiku amene amatsegula musananyamuke. Ndipo ngati dzina la akuchikaziwo likupezeka pamndandanda wa 1666 uja, chimenecho ndi chiyambi chabe, pakati pali zaka pafupifupi 180 zoti muzilumikize.

Mphunzitsi_Wopuma
Mukafuna kukumana ndi eni mudzi onse pamodzi, pitani Lamulungu lomaliza la Ogasiti. Amachita mapemphero okumbukira mliri ku Cucklet Delf komwe kuja, amayenda pamzere kuchoka kutchalitchi. Ndi nyengo yomweyo amakongoletsa zitsime, mwambo wa ku Derbyshire: amamata dongo pathabwa lalikulu n'kupanga chithunzi pomata timasamba ta maluwa, njere ndi ndere, kamodzikamodzi ndi zala. Ochoka m'mudzimo ambiri amabwera sabata imeneyo.

Nesi_wa_Usiku
Ngati ndili pa ofu ndibwera nawo. NaPhiri mundisungire malo m'galimoto.

Chimwene_wa_Luton
Inenso ndilipo, koma wina anyamule mbaula ndi ufa. Sindingayende mtunda wonsewo kukadya sangweji ya nkhaka.

Kadzidzi_Manchester
Mbaula ku Peak District mu Ogasiti, udzu utauma? Mudzatimangitsa achimwene. Phikirani ku Luton konko muike mu fulasiki.